Mmene Mungadziwire Ngati Timing Belt ya Galimoto Yakale Yawonongeka

Galimoto yakale ikazima mwadzidzidzi ili pa ulendo, kapena ikakana kulira m'mawa, madalaivala ambiri amangopotokola kiyi mobwerezabwereza, ndipo zikakanika amapempha anthu kuti awakankhe. Ngati vuto lili pa timing belt, lamba wa mano amene amachititsa kuti mavalavu a injini atseguke ndi kutseka pa nthawi yake, kuyesera kulikonse kotere kukhoza kupinda mavalavu amene anali atapulumuka, ndipo ntchito imene ikanatha ndi lamba watsopano imafika potsegula mutu wa injini. Ena amatsegula chivundikiro, n'kuona kuti msana wa lamba ndi wosaduka, n'kugamula kuti zonse zili bwino, pamene mano ake anameteka kale m'munsi momwe diso silifika. Ndondomeko ili pansipa ikuthandizani kupeza ngati lamba akuzungulitsabe camshaft (mtengo wachitsulo umene umatsegula mavalavu), ngati akuizungulitsa pa nthawi yake, chimene chamuwononga, komanso ngati m'kati mwa injini mwatsala mwabwino.

## Zida zofunika

- Masipanala ndi masoketi. Mabawuti a chivundikiro cha lamba nthawi zambiri amakhala a 10 mm, pamene bawuti yaikulu ya crankshaft (mtengo wachitsulo umene umazungulitsidwa ndi mapisitoni) imafuna soketi ya 17, 19 kapena 22 mm pamodzi ndi chogwirira chachitali.
- Sipanala yochotsera mapulagi.
- Tochi yowala bwino ndi kagalasi kakang'ono koonera malo obisika.
- Choko kapena penti yoyera yoikira chizindikiro pa lamba.
- Jeke ndi zitsulo zochirikizira galimoto ikakwezedwa.
- Nsanza zoyera ndi magolovesi.
- Buku la injini yanu, kapena chithunzi chodalirika cha zizindikiro za taimingi za injini imeneyo.
- Geji yoyezera compression (kupanikizika kwa mpweya m'silinda) ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata wa mavalavu). Kachipangizo kowerengera makodi a OBD-II, amene kompyuta ya galimoto imasunga ikaona vuto, kangathandizenso ngati galimoto ili ndi polumikiza pake.

Gwirani ntchitoyi injini itazizira, galimoto ili pamalo athyathyathya, giya ili pa nyutulo ndipo handibuleki yakokedwa. Chotsani waya wa negativi pa batire musanalowetse dzanja pafupi ndi lamba.

## 1. Tsimikizani kuti injini yanu ili ndi lamba, osati tcheni

Timing belt ndi lamba wa labala wokhala ndi mano, amene amabisika m'chivundikiro cha pulasitiki kapena cha chitsulo chopyapyala kutsogolo kwa injini. Si lamba uja amaonekera kunja mukatsegula boneti, amene amazungulitsa alternator. Injini za tcheni zimakhala ndi chivundikiro chachitsulo chomatidwa kuti oyilo asatuluke, chifukwa tcheni chimayenda m'oyilo. Injini za Toyota za 1NZ-FE, 1ZZ-FE ndi 2AZ-FE ndi za tcheni, pamene 4A-FE, 7A-FE, 3S-FE, 5S-FE komanso za dizilo za 2L, 3L ndi 5L ndi za lamba. Dzina la galimoto palokha silikwanira, chifukwa galimoto ya dzina limodzi imatuluka ndi injini zosiyanasiyana, ndipo yakale ikhoza kukhala kuti inasinthidwapo injini. Werengani nambala yodindidwa pa injini yeniyeniyo.

## 2. Dziwani ngati mapisitoni angagundane ndi mavalavu

Pa injini zimene amakaniko amazitcha interference, valavu ikatsegukiratu imalowa m'malo amene pisitoni imafika ikakwera pamwamba, ndipo chimene chimaletsa ziwirizi kukumana ndi lamba yekha. Lamba akaduka, camshaft imaima mavalavu ena ali otseguka, koma mapisitoni amapitiriza kukwera n'kuwamenya. Pafupifupi injini zonse za dizilo ndi zotere, kuphatikizapo 1.9 TDI ya Volkswagen ndi 4D56 ya Mitsubishi, ndipo mwa za petulo pali D15 ndi D16 za Honda komanso 4G63 ya Mitsubishi. Injini ngati 4A-FE ndi 5S-FE zili ndi mpata wokwanira, kotero kuti lamba akaduka galimoto imangozima popanda kuwononga m'kati.

Chenjezo: ngati simunatsimikize gulu la injini yanu, itengeni ngati ya interference. Ngakhale injini ya mpata ikhoza kukhala itachepa mpatawo ngati mutu wake unapalidwapo kangapo.

## 3. Kumbukirani mmene galimoto inkachitira isanafike apa

Zizindikiro zimasiyana malinga ndi mtundu wa vuto, ndipo kuzisanthula bwino kumakuuzani koyambira.

Lamba akaduka kapena mano ake akameteka, injini imazima nthawi yomweyo ngati mwathimitsa kiyi, popanda kutsokomola. Ngati munayeserapo kale kuiliza, kumbukirani kamvekedwe ka sitata. Injini yathanzi imazungulira modukizadukiza chifukwa pisitoni iliyonse imalimbana ndi mpweya wopanikizika, koma ya lamba woduka imazungulira mofulumira ndi mopepuka, ndipo phokoso lake limakhala lofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Musabwereze kuti mumvetsetse bwino; kamodzi kamene munamvako kakwana.

Lamba akangolumpha dzino limodzi kapena awiri, galimoto imalira ndithu koma movutikira. Imanjenjemera ikaima, imasowa mphamvu pokwera chitunda, imaphulitsa m'paipi ya ekizozi kapena kumene kumalowera mpweya, ndipo imamwa mafuta kwambiri. Ya dizilo imavuta kulira ndipo imatulutsa utsi woyera kapena wakuda. Pa galimoto za OBD-II mungapeze kodi ya P0016, imene imanena kuti crankshaft ndi camshaft sizikugwirizana, kapena P0340, P0341 ndi P0300. Makodi amenewa amangosonyeza dera la vuto, ndipo anthu ambiri ataya ndalama kugula sensa yatsopano ya camshaft pamene sensa yakaleyo inkanena zoona.

Phokoso lochokera m'chivundikiro lilinso ndi tanthauzo. Kumveka kwa phwa-phwa kumasonyeza lamba wokhwepa amene akumenya chivundikiro, mluzu umene umakwera mukaponda mafuta umasonyeza lamba wokungika mopitirira kapena beringi imene ikuuma, ndipo kukwecha kumachokera ku beringi imene yatha kale. Komabe lamba wokalamba akhoza kuduka asanapereke chizindikiro chilichonse, choncho kusamveka kwa phokoso si umboni wakuti ali bwino.

## 4. Onani ngati camshaft ikuzungulira, pogwiritsa ntchito dzanja

Chotsani mapulagi onse kuti injini ipepuke. Pa dizilo chotsani ma glow plug ngati ali pofikika. Ikani soketi pa bawuti ya crankshaft. Pa galimoto zimene injini yake inaikidwa chopingasa, nthawi zambiri pamafunika kukweza galimoto, kuichirikiza, ndi kuchotsa tayala la mbali imene kuli lamba kuti mufike pa bawutiyo.

Tsegulani chotsekera pothirira oyilo ndipo muunikemo ndi tochi, mnzanu akuzungulitsa crankshaft pang'onopang'ono. Ngati camshaft kapena timikono tokankha mavalavu tikuyenda, lamba akugwirabe. Ngati crankshaft ikuzungulira koma pamwamba pali zii, lamba waduka kapena mano ake ameteka. Pa injini zakale za distributor imene imayendetsedwa ndi camshaft, kuchotsa kapu yake n'kuona ngati rotor ikuyenda kumapereka yankho lomwelo.

Chenjezo: zungulitsani injini mbali imene imayendera ikamalira. Injini zambiri zimatsata mivi ya wotchi mukaziyang'ana kumbali ya lamba, koma injini zakale za Honda za m'magulu a D, B, F ndi H zimayenda mosemphana. Kubweza injini m'mbuyo kumakhwepetsa mbali ya lamba imene iyenera kukhala yokungika, ndipo lamba wotopa akhoza kulumpha dzino inu muli pomwepo. Phunziraninso kusiyanitsa kulimba kuwiri: mpweya wopanikizika, umene umamveka ngati mapulagi ena sanachotsedwe, umakana mofewa ndipo umagonja mukadikira pang'ono, pamene pisitoni ikagunda valavu sipanala imaima gwa. Zikatero lekani, musawonjezere mphamvu.

## 5. Tsegulani chivundikiro cha pamwamba

Masulani mabawuti kapena timapini ta chivundikiro, ndipo musanachipukute yang'anani m'kati mwake. Fumbi lakuda lochuluka, tizidutswa ta mano, ulusi, oyilo kapena mikwingwirima yonyezimira pamene lamba wakhala akukhula pulasitiki, zonsezi zimafotokoza zimene zakhala zikuchitika kwa miyezi. Kafumbi kochepa n'kachibadwa.

## 6. Yang'anani lamba yense, dzino ndi dzino

Apa m'pamene pafunika kudekha kuposa pena paliponse. Ikani kachizindikiro ka choko pa msana wa lamba, kenako zungulitsani crankshaft pang'ono, imani, yang'anani, n'kuzungulitsanso, mpaka chizindikiro chanu chibwerere pamene chinayambira. Kuzungulitsa kawiri sikokwanira. Ngati lamba ali ndi mano 120 ndipo giya ya crankshaft ili ndi mano 20, pafunika kuzungulitsa kasanu ndi kamodzi kuti lamba yense adutse pamaso panu, ndipo mano atatu okha owonongeka akhoza kubisala pa gawo limene simunalione.

Yambani ndi msana. Ming'alu yopingasa, ngakhale yopyapyala ngati tsitsi, imasonyeza kuti labala wauma chifukwa cha zaka ndi kutentha. Msana wonyezimira ngati galasi, wolimba moti chikhadabo sichisiyapo chizindikiro, ndi wa lamba wokalamba, kapena wa lamba amene wakhala akutsetsereka pa pulley (kagudumu kotsogolera lamba) imene yaleka kuzungulira.

Kenako pitani ku mano, kumene ndi kofunika kwambiri ngakhale kuti anthu ambiri sakuyang'anako. Lowetsani kagalasi kumbali ya m'kati ndipo muunike patsinde pa dzino lililonse, pamene dzino limalumikizana ndi thupi la lamba, chifukwa ming'alu imene imagwetsa mano imayambira pamenepo. Mano amakutidwa ndi nsalu yopyapyala ya nayiloni; nsaluyo ikaperepeseka n'kuyamba kuonetsa labala, kapena mano akaoneka opyapyala ndi opendekera mbali imodzi, lambayo watsala pang'ono kulumpha. Pa galimoto zakale lamba kawirikawiri saduka pakati. Ulusi wa m'kati mwake ndi wolimba kwambiri, kotero chimene chimagonja ndi mano, ndipo amameteka pa giya ya crankshaft, imene ndi yaing'ono ndipo imakoka ndi mano ochepa. N'chifukwa chake lamba amaoneka wathunthu ndi wokungika pamwamba, koma crankshaft ikuzungulira yokha pansi. Ngati mu sitepe 4 camshaft sinayende koma lamba akuoneka wosaduka, vuto ndi limeneli, ndipo mudzalitsimikiza mukachotsa chivundikiro cha m'munsi.

M'mphepete mwa lamba muyenera kukhala mosalala mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi ikadyeka kapena ikamatulutsa ulusi, ndiye kuti lamba sakuyenda pakati, ndipo chomuchititsa chimakhala pulley yopendekera kapena beringi yogwedera.

Pomaliza, gwirani lamba ndi chala. Ngati ndi wonyowa, woterera, wofewa kapena wofufuma, wamwa oyilo kapena madzi a m'redieta. Lamba wotere sachapidwa kapena kupukutidwa kuti agwirenso ntchito, chifukwa oyilo amalowa m'labala n'kumasula mano ku ulusi.

Chenjezo: musapinde lamba mwamphamvu, musamupotokole, ndipo musamutukule ndi sikuludiraiva pofuna kuona pansi pake. Ulusi wa m'kati, umene pa malamba ambiri ndi wa fiberglass, umathyoka ukapindidwa ndipo kuthyokako sikuonekera kunja.

## 7. Yerekezani zizindikiro za taimingi

Crankshaft imazungulira kawiri pamene camshaft yazungulira kamodzi. Zungulitsani mpaka chizindikiro cha crankshaft chifike pa 0 kapena pa TDC, pamene pisitoni ya silinda yoyamba ili pamwamba penipeni, kenako yang'anani giya ya camshaft. Chizindikiro chake chiyenera kulunjika ndendende pa kadontho, kamzere kapena kabowo kamene buku likusonyeza. Mukachipeza chili kumbali inayo, theka la mzungulo kuchokera pamalo ake, musadandaule. Zungulitsani crankshaft kamodzinso kathunthu n'kuyang'ananso.

Injini ya ma camshaft awiri kapena kuposerapo imafuna kuti zizindikiro zonse zigwirizane nthawi imodzi, ndipo pa injini za dizilo ngati 3L pampu ya dizilo ilinso ndi chizindikiro chakechake. Yang'anani molunjika, osati chakumbali, chifukwa diso likapendekera dzino limodzi limabisika mosavuta. Dzino limodzi si laling'ono monga limaonekera: pa giya ya camshaft ya mano 40, dzino limodzi ndi madigiri 9 a camshaft, amene ndi madigiri 18 a crankshaft.

Chenjezo: pulley yakunja ya crankshaft pa injini zambiri ili ndi zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi labala, ndipo ikakalamba chigawo chakunja chimene chili ndi chizindikiro chimatsetsereka. Ngati zizindikiro zikusonyeza kusiyana kumene sikugwirizana ndi mmene galimoto inkayendera, chotsani pulley n'kuyang'ana chizindikiro cha pa giya ya mano. Muli pomwepo onaninso kachitsulo kamene kamakhoma giyayo ku crankshaft, chifukwa kakadyeka zizindikiro zimalunjika bwinobwino pamene taimingi yeniyeni yasokonekera.

## 8. Pezani chimene chawononga lamba

Lamba amene wawonongeka nthawi yake isanakwane amakhala kuti china chamupha, ndipo mukangomusintha osachipeza, watsopano adzathanso chimodzimodzi. Kuti muone zonse, chotsani chivundikiro cha m'munsi, ikani injini pa zizindikiro, kenako masulani lamba.

Zungulitsani ndi chala pulley ya tensioner (chipangizo chokunga lamba) ndi ma pulley ena onse otsogolera lamba. Yabwino imayenda mosalala ndi kukana pang'ono chifukwa cha girisi wa m'kati. Imene ikukwecha ngati muli mchenga, ikugwedera, yataya girisi m'mbali, kapena ikuzungulira momasuka kwa nthawi yaitali ndi kaphokoso kouma, yatha. Tensioner ya oyilo ikanyowa pamene pamatulukira kamtengo kake, kapena kamtengoko kakamalowa mutangokankha ndi dzanja, yasiya kugwira.

Pa injini zambiri lamba yemweyu amazungulitsanso pampu ya madzi. Igwedezeni, ndipo yang'anani kabowo ka pansi pake ngati pali zouma zoyera, zobiriwira kapena zofiirira. Oyilo akapezeka, tsatani kumene wachokera: kuseri kwa giya ya camshaft, kuseri kwa giya ya crankshaft, kapena pa gasiketi ya chivundikiro cha mavalavu, imene imadonthetsera m'munsi n'kunamizira ma seal (timphete ta labala totsekera oyilo) amene alibe mlandu. Injini ngati 4G63 ndi 4D56 zili ndi lamba wachiwiri wamng'ono wa balance shaft (mtengo wachitsulo wochepetsa kunjenjemera kwa injini), amene akaduka zidutswa zake zimalowa pansi pa lamba wamkulu.

Ngati zonsezi zili bwino koma mano ameteka, yesani kugwedeza camshaft yokha. Camshaft imene yagwidwa chifukwa chosowa oyilo imameta lamba watsopano pa kuliza koyamba.

## 9. Yezani ngati mavalavu apindika

Pa injini ya interference, chitani izi musanagule zipangizo, chifukwa yankho lake ndi limene likuuzani kukula kwa ntchito. Lamba atachotsedwa, musazungulitse camshaft pisitoni ili pamwamba. Pa injini ya masilinda anayi, sunthani crankshaft madigiri 90 kuchokera pa TDC, pang'onopang'ono ndi kulekeratu mukamva kugunda, kuti mapisitoni onse akhale pakatikati. Pamenepo camshaft ikhoza kuzungulira popanda kugunda kanthu.

Chotsani chivundikiro cha mavalavu ndipo yezani mpata wa valavu iliyonse ndi feeler gauge. Valavu yopindika sibwerera pamalo pake, choncho mpata wake umakula kwambiri kuposa wa zinzake, nthawi zina mpaka kuonekera ndi maso. Amene ali ndi chida cholowetsera mpweya m'silinda angapope mavalavu a silindayo ali otseka: mpweya ukamveka ku ekizozi kapena kolowera mpweya, valavu ya mbali imeneyo sikutseka. Kamera yaing'ono yolowetsa pa bowo la pulagi imaonetsanso timabala tonga mwezi wongokhala kumene pamwamba pa pisitoni pamene valavu inagunda.

Kuyeza compression kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha lamba wabwino ali pamalo pake, zizindikiro zalunjika, ndipo injini yazunguliridwa ndi dzanja kawiri popanda kugunda. Bwezani batire, letsani mafuta ndi moto wa mapulagi, pondani mafuta mpaka pansi, ndipo yezani silinda iliyonse. Injini zambiri za petulo zathanzi zimaonetsa pakati pa 10 ndi 14 bar, ndipo masilinda sayenera kusiyana kupitirira 10 peresenti. Za dizilo zimakwera kuposa kuwirikiza kawiri ndipo zimafuna geji yakeyake. Masilinda onse akatsika mofanana, kayikirani taimingi. Silinda imodzi kapena ziwiri zikatsika kwambiri, thirani kasupuni ka oyilo m'silinda ya petulo n'kuyezanso: nambala ikakwera vuto ndi maring'i a pisitoni, ikapanda kusintha ndi mavalavu. Pa dizilo musathire oyilo chotere, chifukwa mpata wa pamwamba pa pisitoni ndi wochepa kwambiri ndipo oyiloyo akhoza kuyaka.

## Zolakwa zimene anthu amachita kawirikawiri

Cholakwa chachikulu ndi kudalira maonekedwe a lamba poyerekeza zaka zake. Kuyang'ana kumatha kutsimikiza kuti lamba ndi woipa, koma sikungatsimikize kuti ali ndi moyo wautali. Opanga galimoto ambiri amaika malire pakati pa makilomita 90,000 ndi 160,000, kapena zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, chimene chayamba kufika, ndipo galimoto imene yakhala nthawi yaitali osayenda imafika malire a zaka ngakhale makilomita ali ochepa. Ngati mwagula galimoto yakale popanda umboni wa tsiku limene lamba anasinthidwa, mutengeni ngati watha.

Nyali ya T-BELT imene ili pa dashibodi ya galimoto zina za dizilo za Toyota imasocheretsanso anthu. Nyaliyi siona lamba ayi. Imangowerenga makilomita n'kuyaka pa 100,000 kapena 150,000 malinga ndi injini, ndipo munthu akhoza kuithimitsa osasintha kalikonse.

Ena amadabwa kuti chizindikiro cha choko chimene anaika pa lamba sichikulunjikanso pa giya atazungulitsa kawiri, n'kuyamba kumasula ntchito imene inali bwino. Zimene ziyenera kubwerera pamalo pake ndi zizindikiro za pa magiya ndi pa injini, osati za pa lamba.

Kusintha lamba yekha n'kusiya tensioner, ma pulley ndi pampu ya madzi zakale ndi kusunga ndalama kumene sindingalangize aliyense, popeza zonsezi zayenda ulendo wofanana ndi lamba wakaleyo ndipo kuzifikira kumafuna kumasulanso zonse. Chimodzimodzinso kuika lamba watsopano pamene seal ikudonthabe, kapena kumukunga mopitirira poganiza kuti akhala wolimba, zimene zimapha maberingi ndi kudya mano. Tensioner ya oyilo ikamabwezeretsedwa iyenera kupanikizidwa pang'onopang'ono kwambiri ili choimirira, chifukwa kuifinya mwachangu kumawononga m'kati mwake.

Chomaliza ndi kufulumira kugwira kiyi ntchito itangotha. Zungulitsani crankshaft ndi dzanja kawiri kathunthu, yang'ananinso zizindikiro zonse ndi kukungika kwa lamba, chotsani soketi pa bawuti ya crankshaft, ndipo pokhapo bwezani waya wa batire.